Chucky wa pa TV: sizoni iti inakuopsani zenizeni?

Kadzidzi: Abale, usiku wathawu ndamaliza Chucky yense wa pa TV uja, wa chidole chopha anthu, masizoni atatu, magawo 24. Ndinayamba Lachisanu lapitalo, tsiku lililonse magawo atatu kapena anayi mpaka maso psuu. Ndiye ndabwera ndi mlandu. Sizoni yoyamba inandiopsa zenizeni, moti tsiku lachiwiri ndinatulutsa chidole cha mwana wa achemwali anga kuchipinda, n'kukachiponya m'dengu la zovala pakhonde. Yachiwiri ndinkaseka kuposa kuopa. Yachitatu ndinkaonera uku ndikukukuta chimanga chokazinga ngati ndili ku mpira. Kodi ndi ine ndinazolowera, kapena Chucky yo ndiye anaguluka mano? Amene simunamalize pepani, muno tiulula zonse.

Kamwana ka Agogo: Aaa inu, ine ndili pa gawo lachitatu la sizoni yoyamba. Ndatuluka kaye. Mukamaliza mundiitane.

Tsabola: Pita bwino mwana, usasuzumire. Achimwene a Kadzidzi, munthu wamkulu ndevu pepeya kuthamangitsa chidole cha mwana? Kkkkk. Koma ine ndikutsutsani poyera. Sizoni yachiwiri ndiye mfumu. Ndibwera ndi zifukwa ndikatsika minibasi, pano ndapanikizidwa ndi thumba la makala.

Naphiri: Ine ndili mbali ya a Kadzidzi. Yoyamba ija, ya mu 2021, inali ndi mtima. Taganizani mmene inayambira. Jake Wheeler, mnyamata wa zaka 14 wa ku Hackensack, New Jersey, mayi ake anamwalira, bambo ake ndi chidakwa. Akugula chidole pa kaunjika wa pakhomo pa munthu, osati kuti azisewera nacho, koma kuti achidule mutu aphatikize pa chosema chake chija chopangidwa ndi zidutswa za zidole. Palibe nkhalango, palibe manda, palibe nyumba yakale ya mizukwa. Ndi nyumba wamba, sukulu wamba, ana ovutitsana ngati ana athu omwewa. N'chifukwa chake zinkalowa m'mafupa.

Ndipo imfa yoyamba ya munthu ija sindidzaiiwala. Magetsi azima, bambo ake a Jake atsikira kuchipinda chapansi kukaona pa bokosi la magetsi, Chucky n'kusanza kachasu pa mawaya osakutira aja. Ine tsiku limenelo kwathu magetsi anazimadi patangopita mphindi zochepa. Bambo a kunyumba akuti tapita ukaone ngati ndi mayunitsi atha. Ndinawayankha kuti apite okha, ine ndikadali ndi ana oti ndilere.

Kadzidzi: Kkkk asisi mwandipha. Nanga wantchito uja Annie, amene anamukankhira pa mipeni yoloza m'mwamba m'makina otsukira mbale? Chiyambire tsiku limenelo ndikaika mpeni pa thandala ndimaugoneka.

Madala a Vidiyo: Ana inu, ndiloleni ndilowererepo pang'ono. Ine Chucky ndinamudziwa musanabadwe ambiri a inu. Child's Play yoyamba inatuluka mu 1988, ife tinadzaionera mochedwerapo, pa tepi, m'kachisakasa ka vidiyo shoo kotchinga ndi masaka, mabenchi a mapulanga, jenereta ikulira kuseri. Muli malo amodzi m'filimu imeneyo amene mpaka lero palibe sizoni yawafika. Mayi ake a Andy, Karen Barclay, akhala akukana za mwana wawo zoti chidole chimalankhula chokha. Ndiye usiku wina anyamula katoni yomwe chidolecho chinabweramo kuti akataye, mabatire awiri n'kugwa pansi, ali m'pulasitiki mwake osatsegula. Mayi aja kuima. Kuchitembenuza chidolecho pang'onopang'ono, kutsegula kachitseko ka kumsana. Mulibe kanthu. Masiku onsewa chakhala chikulankhula popanda batire.

M'chisakasa muja munangoti zii. Munthu wogulitsa mtedza anasiya kuitanira. Mayi aja ataopseza kuti achiponya pamoto, nkhope ya chidole n'kusintha, anyamata awiri a benchi yakutsogolo anatulukira pansi pa saka, osadzera pakhomo.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti mantha a Chucky amakhala pamenepo: mwana akunena zoona, akuluakulu sakumukhulupirira, ndipo chinthucho chagona pabedi pomwepo. Sizoni yoyamba inakumbukira zimenezi. Zinazo zinaiwala.

Naphiri: Madala mwalasa. Komanso yoyambayi inawonjezera china chimene mafilimu analibe. Chucky sankangofuna kupha ayi, ankafuna kuti mwana aphe. Ankamunong'oneza Jake usiku kuti Lexy, mtsikana wa kusukulu kwawo, wakuchititsa manyazi, bwanji osangomuchotsa. Ndipo Lexy yo zimene anachita n'zosautsadi: kuvala ngati malemu bambo ake a Jake pa phwando la Halloween, n'kumadzigwedeza ngati wagwidwa ndi magetsi, anzake akuseka. Ine monga woonera ndinadzipeza ndikuti mpatseni mpeniwo. Kenako n'kudzidzimuka kuti haa, chidole chandikopa ndi ine ndemwe.

Mphunzitsi Wotopa: Apo ndiye pamene ine ndimaiona sizoni yoyamba kuti inalembedwa ndi munthu wodziwa ana. Jake anakana. Amene anagwa ndi Junior, msuweni wake, amene aliyense ankamuona ngati mwana wa mwayi: nyumba yaikulu, makolo onse awiri, chibwenzi mwana wa meya. Koma bambo ake Logan ankamukakamiza zothamanga mpikisano ngati kavalo, mayi ake Bree ankabisa matenda a khansa, kenako Chucky n'kuwagwetsa pa windo la nyumba yosanja anthu n'kumati adzipha okha. Mwana uja anatsala ndi mkwiyo wopanda kokautula. Mapeto ake anapha bambo ake powamenya ndi chidole chomwecho. Ine m'kalasi ndili ndi ana ngati Junior, a yunifolomu yositidwa bwino, osalongolola, amene palibe amawafunsa kuti zikuyenda bwanji. Gawo limenelo sindinaseke ngakhale pang'ono.

Tsabola: Ndatsika. Ndawerenga zonse, ndipo zambiri sindikukana. Koma mukuiwala kuti sizoni yoyamba yomweyo inasintha pakati. Magawo anayi oyamba ndi a Jake ndi anzake. Kuyambira lachisanu Tiffany wokondedwa wa Chucky walowa, Nica walowa, kenako Andy ndi Kyle amene analeredwa naye nyumba imodzi, nkhani ya ana ija n'kuyamba kupanikizika ngati ine m'minibasi muja. Munthu amene sanaonere Curse of Chucky ya 2013 ndi Cult of Chucky ya 2017 anangoona Nica ngati mtsikana wina amene nthawi zina akuyenda n'kumatukwana ngati mwamuna, nthawi zina miyendo yafa akulira. Palibe amene anamufotokozera bwinobwino. Mng'ono wanga ankangondifunsa kuti ameneyu ndi ndani, nanga uyu. Ndiye musamainene yoyamba ngati inali yosalala.

Yachiwiri inangovomereza chimene Chucky ali. Kuyambira Bride of Chucky mu 1998 nkhani imeneyi ndi nthabwala zamagazi. Don Mancini yemweyo amene analemba nawo filimu ya 1988 ndi amene analemba Bride, ndi amene anapanga Seed of Chucky mu 2004, ndi amenenso anayambitsa ya pa TV. Si kuti wina anabwera kudzaononga. Mwini wake ndi amene amakonda phokosolo.

Madala a Vidiyo: Mwana wanga, mwini munda amathanso kubzala chisoso.

Tsabola: Kkkk madala musandinyoze. Taonani zimene yachiwiri inatipatsa. Ana atatu aja, Jake, Devon ndi Lexy, awatumiza ku sukulu yogonera ya Akatolika, Incarnate Lord, bomba litapha kamnyamata kaja Gary. Mafoni alandidwa. Masisitere, ansembe, mabelu, makonde aatali amdima. Aliyense amene anaphunzira sukulu yogonera ya mishoni akudziwa mmene khonde limaonekera ikakwana 9 koloko usiku. Ndiye m'malo mwa Chucky mmodzi tili ndi angapo, aliyense khalidwe lake: wina wa minofu ngati wonyamula zitsulo, wina wadazi amene ankadzitcha Colonel ndipo ankazunza Andy kunkhalango, ndiye panali uja anamutsuka ubongo n'kukhala Chucky wabwino. Anafika pomubatiza! Inu simunamve chisoni ndi kachidole kaja kakufunsa ngati Mulungu angakakhululukire?

Naphiri: Ndinamva chisoni ndi Nadine, osati kachidole. Mtsikana uja ndi yekhayo amene anandisangalatsa mu sizoni yonseyo, ndi kakhalidwe kake kongotola zinthu za eni kenako n'kukalapa kwa wansembe. Ndiye Chucky wabwino yemweyo n'kumuponya pa windo. Ndinazimitsa laputopu, ndinakaphika kaye.

Tsabola: Ndiye mwavomereza kuti inakukhudzani.

Naphiri: Kukwiya ndi kuopa n'zosiyana, asisi.

Wa ku Joni: Moni nonse, ndangoweruka kumene. Ine pa yachiwiri ndili ndi gawo limodzi lokha limene ndimabwereza, lachinayi, la phwando kunyumba kwa Tiffany ku Beverly Hills. Pamafunika kumvetsa kaye msampha wake: Jennifer Tilly akusewera Tiffany, amene mzimu wake uli m'thupi la Jennifer Tilly, ndipo akunamizira kukhala Jennifer Tilly pamaso pa anzake enieni a Jennifer Tilly. Gina Gershon ndi Joe Pantoliano, amene anasewera naye mu Bound ya 1996, abwera ngati iwo eni. Mchemwali wake weniweni Meg Tilly nayenso wabwera. Nica wamutsekera kuchipinda, alibe manja alibe miyendo. Ndi misala yeniyeni, koma misala yokonzedwa bwino.

Kadzidzi: Amwene, gawo limenelo ndi limene linandichotsa m'nkhani. Ana aja sanaonekemo n'komwe. Ndinachita kubwerera pa fulashi kukaona ngati mnyamata wondikopera uja sanandisakanizire ndi filimu ina.

Wa ku Joni: Kkkk ayi sanalakwitse. Komanso ndi mmene Glen ndi Glenda anabwerera, ana a Chucky ndi Tiffany a mu Seed aja, onse awiri akuseweredwa ndi munthu mmodzi, Lachlan Watson. Anthu anadikira kuyambira 2004 kuti adziwe kuti ana amenewa anathera kuti.

Mphunzitsi Wotopa: Vuto lake ndi lomwelo. Yachiwiri inapangidwira anthu amene analoweza mafilimu onse asanu ndi awiri. Ili ngati maliro a kumudzi kwa eni: aliyense akulira dzina limene iwe sukulidziwa. Ndipo zidole zikachuluka, mantha amagawanika. Kumapeto kwa yoyamba tinauzidwa kuti mu lole muja muli zidole 72. Ine nditamva nambala imeneyo ndinadziwa kuti basi, imfa ya Chucky ilibenso mtengo. Ukapha mmodzi, wina akutuluka m'katoni. M'filimu ya Child's Play 2 ya 1990 ija, Andy ndi Kyle akulimbana naye m'fakitale ya zidole, mtima unkagunda chifukwa anali mmodzi, ndipo akafa wafa, mpaka filimu yotsatira.

Tsabola: Aphunzitsi, nanga imfa ya Father Bryce? Munthu kuphulika ngati chibaluni pambuyo pa mwambo wotulutsa ziwanda, n'kuzionetsa mobwerezabwereza kuchokera mbali zonse? Nanga ya meya Michelle pa Khirisimasi, ndi sowo ya injini ija? Pamene mayi uja anali atangoyamba kugwirizana ndi mwana wake Lexy. Musandiuze kuti munaonera maso ali gwa.

Mphunzitsi Wotopa: Ndinatseka maso chifukwa cha nseru. Nseru ndimamvanso ndikadutsa pa bucha dzuwa likuswa mtengo.

Che Bwanoni: Ine ndifunse chimene ena mukuchizemba. Ndinayamba kuonera ndi ana anga akuluakulu pabalaza, ndiye zija za Jake ndi Devon kukondana zinandidzidzimutsa. Sindinayembekezere m'filimu ya chidole.

Naphiri: Achimwene, ine chimene chikanakudzidzimutsani poyamba ndi mutu wa ahedi uja ukugubuduzika pa siteji pamaso pa makolo. Iyi si ya pabalaza ndi ana, ngakhale pang'ono. Koma pa funso lanulo, Don Mancini mwini wake ndi mwamuna wokonda amuna anzake, sabisa, ndipo ananenapo kuti nkhani ya Jake ndi bambo ake anaitenga pa ubwana wake. Mukaichotsa, sizoni yoyamba igwa, chifukwa ndi pamene Chucky anapezera polowera. Bambo akumukana mwana, chidole n'kumuuza kuti ine ndili ndi mwana wotero ndipo ndilibe naye vuto. Wakupha anthu akudzionetsa wachifundo kuposa kholo. Nyambo yake inali imeneyo.

Che Bwanoni: Ndamva. Ine maganizo anga ndi ena pa nkhani imeneyo, koma zoti ndinalakwitsa kuonera ndi ana ndavomera.

Adimini: Zikomo nonse awiri poyankhana mwaulemu. Tibwerere ku chidole.

Wa ku Joni: Ndiye ndiloleni ndiikire kumbuyo yachitatu, poti ndikuona kuti ilibe mbale muno. Inde, Chucky ku White House zikumveka ngati nthabwala ya pa bawo. Koma taonani mmene analowera. Banja la Pulezidenti James Collins linataya mwana, Joseph. M'bale wake Henry kakakamira chidole n'kuchitcha dzina la malemuyo. Makolo akuopa kuchilanda chifukwa mwana akulira m'bale wake. Achitetezo onse aja, mfuti, makamera, agalu, koma palibe amene angaseche chidole cha mwana wa Pulezidenti. Madala, si zomwe munanena zija? Chinthu chagona pabedi, akulu sakuona.

Madala a Vidiyo: Gawo loyamba lokha ndinagwedeza mutu kuti eya. Magetsi atazima m'nyumba ya Pulezidenti ndinati kodi nawonso zimawachitikira. Koma kenako zinapita kutali. Nyumba ya Jake ndimatha kuiyerekeza ndi yanga. Sukulu ya masisitere ndimatha kuiyerekeza. White House ine ndikaidziwira kuti? Munthu akafa mmenemo ndimangoti awo ndi a boma, adziwa okha.

Wa ku Joni: Koma yachitatu ili ndi chinthu chimene zina ziwirizo zilibe: Chucky akuopa. Mwambo wa ansembe uja wa mu yachiwiri unamusiyira matenda, Damballa, mzimu umene umamupatsa mphamvu, wamutaya, ndipo wayamba kukalamba. Tsitsi likuthothoka, nkhope makwinya okhaokha, akutsokomola, mpeni ukumulemera. Sing'anga wake amuuza kuti aphe anthu asanu ndi mmodzi pamalo oipitsitsa kuti mzimu uja umukhululukire. Ayesa nyumba ija ya ku Amityville, sizinathandize. Ndiye aganiza kuti nyumba imene mwatuluka zigamulo zopha anthu ochuluka kuposa ina iliyonse ndi White House. Nthabwala imeneyo ili ndi mano, amwene. Ndipo anthu opanga zidole aja, gulu la Tony Gardner, anagwira ntchito pa Chucky wokalamba uja. Ankaoneka ngati agogo amene akana kumwa mankhwala.

Tsabola: Apa ndikugwirizana nanu. Komanso Brad Dourif kuonekera yekha ndi nkhope yake ngati mzukwa wa Charles Lee Ray, chigawenga chimene mzimu wake unalowa m'chidolecho. Munthu wakhala akulankhulira chidolechi kuyambira 1988. Kumuona mkulu uja akuyenda m'makonde a White House, tsitsi lalitali, kuseka kuja kukutuluka m'kamwa mwa munthu osati mwa pulasitiki, thupi linachita tsembwe.

Kadzidzi: Zoona, apo pokha ndinasiya chimanga. Ndipo mwana wake Fiona Dourif, amene amasewera Nica, ndi yemwe anasewera Charles ali mnyamata m'zaka za m'ma 1980 mu sizoni yoyamba. Ine ndinadziwa mochedwa. Ndinkangoti koma mnyamatayu akufanana ndi mkulu uja bwanji.

Mphunzitsi Wotopa: Pang'ono za Damballa, poti dzinali timangolimva m'mafilimuwa. Si dzina lopeka. Mu chipembedzo cha Vodou cha ku Haiti, chimene mizu yake ili ku West Africa, makamaka dera limene lero ndi Benin, Damballa ndi mzimu wa njoka, wa madzi ndi mtendere, ndipo amaupatsa nsembe zoyera monga dzira. Si mzimu wa zigawenga. Zili ngati munthu wakunja atamva za Thunga wa ku Msinja n'kukapanga filimu yoti ndi chiwanda chothandiza akuba. A ku Hollywood anangotola dzina. Ndimaonera, ndimaseka, koma ndimadziwa kuti apa anatinamiza.

Naphiri: Aphunzitsi simutopa kuphunzitsa ngakhale dzina lanu likutero.

Mphunzitsi Wotopa: Ndi matenda, mayi.

Tsabola: Chimene chinaipha yachitatu kwa ine ndi kudula pakati. Magawo anayi mu Okutobala 2023, ena anayi mpaka Epulo 2024, chifukwa cha sitalaka ya olemba ndi osewera mafilimu ku America. Inu a Kadzidzi mwaonera mondondoza, simukudziwa ululu wake. Ife tinasiyidwa pa phwando la Halloween lija, nyali yaikulu ya kudenga itagwera anthu, n'kudikira miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Pobwerera ndinali nditaiwala kuti mkulu wa ukazitape uja Pryce akufuna chiyani.

Kadzidzi: Ngakhale mondondoza, asisi, inali ndi nkhani zambiri zosakumana. Tiffany ali kundende ku Texas akudikira jakisoni wa imfa, akulamulira alonda ndi tizidole taufiti. Ana atatu aja akusaka Caroline, mng'ono wake wa Lexy. Mkazi wa Pulezidenti akubisa mitembo. Mizukwa. Kenako mzinga wa nyukiliya kukagwa ku North Pole. Jake, amene tinayamba naye m'chipinda chake akusoka zidole, anasanduka mlendo m'nkhani yake yomwe.

Wa ku Joni: Koma za kundende zija zinali zokoma. Nia Vardalos kukhitchini kuja, Tiffany ali kutali akungoseweretsa kachidole, mayi uja akudzisenda yekha ngati mbatata. Ndi Kenan Thompson woyendetsa takisi, ambulera kulowa kukamwa n'kutsegukira m'kati.

Naphiri: Mwaona? Mukamaikira kumbuyo yachiwiri ndi yachitatu mumatchula imfa. Ife tikamanena yoyamba timatchula anthu.

Tsabola: Eee asisi, mwandibaya. Koma dikirani. Lexy munamutchula ngati munthu woipa wa mu yoyamba. Ndi yachiwiri imene inamupanga munthu: kumwa mapilisi mobisa kuti agone, kunama kuti ali bwino, Nadine n'kumugwira dzanja. Pofika yachitatu ndi iye amene ankandikhudza kuposa anyamata awiri aja, chifukwa ankasaka mng'ono wake amene sakufunanso kupezedwa. Popanda masizoni awiri amene mukuwanyozawo, Lexy akanangokhala kamtsikana kamwano kovala diresi lodula.

Naphiri: Pa Lexy ndagonja. Pamenepo pokha.

Che Bwanoni: Ine chimene chinkandisokoneza ndi bambo uja. Ndinkati kodi si uyu anafa ndi magetsi? Kenako ndi uyu wamenyedwa ndi chidole. Kenako wavala kolala ya wansembe. Kenako ndi Pulezidenti. Ndinayamba kukayika maso anga.

Wa ku Joni: Kkkkk maso anu ali bwino achimwene. Ndi Devon Sawa, yemwe uja wa Final Destination ya 2000. Mu yoyamba anali mapasa Lucas ndi Logan, mu yachiwiri Father Bryce, mu yachitatu Pulezidenti Collins komanso munthu wofanana naye amene anamubweretsa kudzanamiza dziko Pulezidenti atafa. Sizoni iliyonse amamupha, chaka chotsatira wabweranso ndi suti ina. Lara Jean Chorostecki nayenso anali Sister Ruth mu yachiwiri, mu yachitatu ndi mkazi wa Pulezidenti.

Madala a Vidiyo: Ngati sewero la kusukulu, mwana mmodzi ndi mfumu, ndi wapolisi, ndi mfiti yemwe.

Kadzidzi: Chimene chikundipweteka n'chakuti yachitatu, ngakhale ndinkaionera ngati mpira, inatha pamalo amene ndinafunadi kudziwa zotsatira. Apita kunyumba kwa Wendell Wilkins, amene anapanga zidole za Good Guy, za mtundu wa Chucky zija, woseweredwa ndi John Waters. Chucky wapeza thupi latsopano, Tiffany wathawa jakisoni wabwerera m'chidole chake, Caroline ali nawo limodzi ngati mwana wawo. Ndiye Jake, Devon ndi Lexy mizimu yawo yatsekeredwa m'zidole. Mwana amene anayamba ndi kudula zidole mitu wathera m'chidole. Ndinati eya, tsopano tabwerera ku zoopsa zenizeni. Ndikufufuza sizoni yachinayi, ndikupeza kuti Syfy ndi USA Network anaithetsa mu Seputembala 2024.

Tsabola: Takulandirani ku maliro, ife tinalira kale.

Mphunzitsi Wotopa: Ine mndandanda wanga: yoyamba, yachitatu, yachiwiri. Yachitatu ndaikweza chifukwa cha Chucky wokalamba basi.

Tsabola: Yachiwiri, yoyamba, yachitatu. Sindisintha ngakhale mundisonkhanire.

Wa ku Joni: Yachitatu, yachiwiri, yoyamba. Ndikudziwa ndili ndekha ngati mlonda.

Madala a Vidiyo: Ine magawo anayi oyamba a sizoni yoyamba, kenako mubwerere ku 1988 mukaone mabatire akugwa. Ija ya 2019 ya chidole cha intaneti musandifunse, Mancini sanaikhudze, ndipo mulibe mzimu wa munthu, ndi makina ongosokonekera. Ngakhale mawu anali a Mark Hamill, ine si Chucky wanga.

Naphiri: Madala, funso linali la masizoni, inu mwavotera tepi.

Madala a Vidiyo: Pa msinkhu wanga ndimavotera chimene ndikufuna.

Kamwana ka Agogo: Ndabwera. Ndinangoti ndione ngati mwamaliza, diso n'kugwera pa Junior. JUNIOR AKUPHA BAMBO AKE? Anthu inu mulibe chisoni.

Tsabola: Ndinakuuza kuti usasuzumire. Usakwere m'mwambamo, muli za meya.

Kamwana ka Agogo: Meya watani??

Kadzidzi: Palibe, ali bwinobwino, akudya Khirisimasi. Abale ndithawe kaye, achemwali akufunsa kuti chidole cha mwana chili kuti, ndipo kunja kwayamba kuwaza. A Wa ku Joni, gawo lachinayi lija ndilibwereza Loweruka, koma ndikapezanso kuti ndi phokoso lokhalokha mundibwezera bandulo yanga.

Wa ku Joni: Muyambe mwaonera Seed of Chucky, apo ayi mudzangotukwana chabe.